Ndalama ya shitiki sinafike koma yatigawanitsa kale m'nyumba

Zikomo Mayi Alangizi,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Ulongué kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique. Ndikupempha nzeru pa nkhani ya ndalama, chifukwa yafika poti ine ndi bambo a kunyumba tikugona chofulatirana. Mwezi wa Novembala ndine wolandira shitiki (ndalama imene timasonkherana n'kumalandira mosinthana) ya gulu lathu la amayi apamsika, mametikali 30,000. Ndalamayo sinafike m'manja mwanga, koma aliyense waipezera kale ntchito.

Bambo ankakonza magalimoto pa kampani ina yogwira maganyu ku migodi ya malasha ku Moatize. Kumayambiriro kwa 2025 kontalakiti yawo inatha ndipo sanawaitanenso. Kangachepe komwe anawapatsa kanathera kungongole ya kubanki imene tinatenga pofolera nyumba. Kuyambira pamenepo pakhomo pakudya geni yanga. Ndimapikula mbatatesi kwa alimi a ku Tsangano ndi ku Domué, n'kumatumiza matumba pagalimoto kudzera pa Mussacama mpaka kumsika wa Kwachena ku Tete.

Mavuto a ndalama si achilendo kwa ife. Mu 2016, nkhani ya ngongole zobisika za boma itaphulika, metikali inagwa ndipo mtengo wa sopo ndi mafuta ophikira unkasintha sabata ndi sabata. Koma nthawi imeneyo malipiro a bambo ankabwera, ndipo ogula analipo. Zapanozi n'zina. Mitengo sikuthamanga ngati chaka chija, koma ndalama sikuyenda. Chilala cha 2024 chinatisiya opanda chimanga chogulitsa. Kenako zionetsero zotsatira chisankho cha pa 9 Okutobala chaka chomwecho zinatseketsa misewu, matumba anga ena n'kuwolera panjira. Amayi amene amandioda ku Tete akuti makasitomala awo akutenga pangongole podikira malipiro amene akumachedwa, ndiye nawonso amandilipira mwapang'onopang'ono. Anzathu a ku Malawi olowera pa Calómuè amabwera ndi makwacha, koma chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023, ukasintha ndalamayo phindu lonse limatsala kwa osintha.

Pofuna kudzutsa geni nditataya matumba aja, ndinakongola mametikali 10,000 kwa munthu wina wa katapila. Mwezi uliwonse ndimapereka 2,000 ya chiwongoladzanja chokha, mutu wa ngongole uli chiimire. Kwa ine palibe chokambirana: shitiki ikabwera, woyamba ndi ameneyu, zotsala ndibwezere mumpamba.

Bambo akuona mwina. Iwo akufuna ndalama yonse apereke chikole pa njinga yamoto yakale imene mnzawo akugulitsa, azinyamula anthu. Akuti ngongole tidzabweza ndi ndalama za njingayo. Ndikuwamvetsa, Mayi. Munthu amene ankabwera ndi thumba la mpunga mwezi ukatha, lero akupempha kwa mkazi ndalama ya Credelec yogulira magetsi, zimawawa. Ndimawaona m'mawa akusesa pabwalo posowa kopita, mtima wanga n'kusweka. Koma pitani pasiteji pano pa Ulongué mukaone anyamata a njinga kuchuluka kwake, kulimbirana munthu mmodzi. Anthu ayamba kuyenda pansi. Njinga yakale imafunanso zipangizo pafupipafupi, ngakhale kuti pokonza bambo sangalipire munthu. Ndikanena zimenezi amati ndikuwaderera chifukwa ndalama ili kwa ine.

Ndipo nkhani yeniyeni imene yandilembetsa kalatayi ndi ya kuchimuna. Bambo ndiwo mwini mbumba kwawo. Ali pantchito ankalipirira sukulu mphwawo, mwana wa alamu anga amene mwamuna wawo anamwalira, ndiponso ankagulira apongozi feteleza chaka chilichonse. Sindinadandaulepo, ndipo sindikufuna muganize kuti ndimadana nawo. Apongozi ndiwo anandisamala pa uchembere wanga woyamba, ndipo ufa umene tinadya m'chaka cha chilala, wina unachokera m'nkhokwe yawo. Koma kumudzi sakudziwa kuti zinthu zinasintha mpaka pati, chifukwa bambo sanawauze zoona zonse. Foni ikalira amangoyankha kuti "ndikutumizirani pa M-Pesa madzulo ano", kenako n'kutembenukira kwa ine. Madzulo amenewo ndimatapa pa ndalama yopikulira. Mpamba umene unkakwana matumba ambiri lero ukukwana theka lake. Ndikati tiwauze achibale mmene zilili, amandiyankha kuti chibale ndi fupa sichiwola. Zoona, koma geniyi ikafa, amene akudyapo onsewa, abale awo omwe, adzadya chiyani?

Mwana wa alamu angayo ndi wanzeru, watsala ndi chaka chimodzi kuti amalize kalasi 12. Kumusiya panjira ndi tchimo. Komatu mwana wathu woyamba nayenso akulowa kalasi 10, kumene matirikula (ndalama yolembetsera sukulu), mabuku ndi yunifolomu zonse n'zolipira. Zonsezi zimagwa mu Disembala ndi Januwale, nthawi yomweyo yothira feteleza wachiwiri, nthawi yomweyonso imene ufa umachepa m'nyumba.

Tili ndi matumba a chimanga amene tinakolola chaka chino. Bambo akuti tigulitseko pano tigule feteleza mitengo isanakwere. Ine ndikuopa, chifukwa ndaona anthu akugulitsa lata la chimanga motchipa m'chilimwe n'kudzaigulanso modula mu Febuluwale. Koma popanda feteleza munda wathu subereka, ndipo manyowa a mbuzi zathu sakwana ndime yonse.

Shitiki nayonso ikundisowetsa tulo. Amayi ena m'gulu ayamba kudumphitsa masabata chifukwa malonda sakuyenda. Ngakhale nditalandira yonse, ndidzafunika kusonkhabe mpaka womaliza alandire. Mnzanga wina akuti ndituluke ulendo uno ukatha, ndizisunga ndekha pa e-Mola. Koma ndalama ya pafoni bambo amadziwa kuti ilipo, ndipo vuto likagogoda sindingathe kukana. Ya shitiki yokha ndi imene palibe amaikhudza, chifukwa aliyense amaopa manyazi a pagulu.

Zimene tikanatha kudula tinadula. Nyama timadya mwa apo ndi apo, tiyi ndi wa ana okha, firiji tinazimitsa. Ndayamba kulemba m'kope ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, koma bambo akaliona kopelo amakwiya, amati ndikuwawerengera chakudya.

Ndiye ndithandizeni, Mayi. Ndalamayi ikabwera ndiyambe n'chiyani? Ndibweze katapila yense ngakhale zitatanthauza kuti bambo akhalabe pakhomo chaka china? Kodi pali njira yoikira malire pa zothandiza achibale, mwina kangachepe kodziwika pamwezi, popanda ine kuoneka mkazi wouma mtima amene walanda mwana wa eni? Ndapemphapo bambo kuti tiitane ankhoswa, koma akuti nkhani ya m'thumba siyotulutsa kunja. Ndikapita ndekha kwa apongozi kukawafotokozera, ndiye kuti ndawavula bambo pamaso pa mayi awo. Ndiwalankhule bwanji kuti tikhale pansi limodzi ndi kopelo Novembala asanafike?

Ine mayi wothedwa nzeru,
Ulongué, Angónia