Usakongole kwa katapila chifukwa cha kiyibodi yofiira

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kupatula mwendo wa mayi ako umene wayambanso, koma akuyenda. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umandidula ndi "ndamva bambo" ndisanafike pamene pali nkhani.

Mlongo wako atabwera Loweruka anakamba zambiri za ku Lilongwe, koma chimene chandisowetsa tulo ndi chimodzi. Akuti pali munthu akubweretsa kiyibodi ya Nord yofiira kuchokera ku Joni, ndalama zako sizikukwana, ndiye mnzako uja woimba besi wakulondolera kwa munthu wa katapila. Akutinso melodika ija, kachida ka makiyi kouzira ndi pakamwa kaja, waiika pa Facebook kuti uigulitse uwonjezere. Usamukalipire mlongo wakoyo. Sanabwere ndi miseche, analankhula misozi ili m'maso.

Melodika ija, mwana wanga? Imene unkagona nayo pamphasa, mayi ako n'kumachita kukulanda usiku kuti anthu agone? Ndikukumbukira tsiku limene ndinabwera nayo, itakulungidwa m'nyuzipepala. Unauzira mwamphamvu mpaka maso kutuzuka, mawu osatuluka, chifukwa sunadziwe kuti chala chiyenera kudina kaye. Madzulo ake unali utapeza kale nyimbo ya kwaya, osaphunzitsidwa ndi munthu. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti khutu uli nalo, loposa langa.

Koma za melodika ndibwererako. Tiyambe ndi ngongole.

Unali wamng'ono, sungakumbukire bwino chifukwa chimene makina osokera a mayi ako anachokera m'nyumba muno. Tinkakuuzani kuti anawonongeka. Sanawonongeke. Ndine ndinakakongola ndalama kuti ndigule kiyibodi, nditatopa ndi limba la kutchalitchi lopopa ndi mapazi lija, ndikuganiza kuti maukwati atatu anayi ndikhala nditabweza. Kenaka inagwa njala ya 2002. Ndani ankaitana woimba pamene anthu ankadya gaga ndi mizu ya nthochi? Mwezi ukatha ngongole inkabereka, mwezi wina yaberekanso. Mwini ngongole uja anabwera ndi anyamata awiri m'mawa, mayi ako ali pakati posoka yunifolomu ya mwana wa eni, anachita kuchotsa nsalu pansi pa singano. Sanalire pamaso pawo. Analira usiku. Kiyibodi nayonso inapita patangotha milungu iwiri. Mpaka lero ndikamva kulira kwa makina osokera kumsika mtima wanga umaphulika, ndipo sindifuna kuti iwe udzanyamule mwala wotere.

Sindikunyoza Nord. Ndi chida chabwino kwambiri, a ku Sweden amene amachipanga anaganiza mofatsa, ndipo ndaimva pa foni ya mlongo wako, mawu ake ndi onona. Koma ndikufunse, ukuifunira mawu kapena ukuifunira kufiira kwake, kuti anthu akaona pa siteji azinena kuti mnyamata wafikapo? Chifukwa ngati ndi mawu a ogani, alipo m'zida zina zotsikirapo mtengo. Roland VR-09 ili ndi makiyi 61, ndi yopepuka, makilogalamu asanu ndi theka basi, ndipo imatha kuyendera mabatire. Taganizira zimenezo kuno kwathu kumene magetsi amatha kuthima mkwatibwi ali pakati povina. Yamaha ali ndi kena kakang'ono, Reface YC, ka makiyi 37 ang'onoang'ono, kamene ungakaike pamwamba pa kiyibodi yako ya PSR yomweyo n'kumaimbira ogani dzanja lamanja. Ngakhale PSR uli nayoyo mawu a ogani alimo. Kodi unawafufuza onse, kapena umangodina oyamba omwewo?

Ndikuuze chimene zida zonsezi zikutsanzira, mwina mtima ukhala pansi. Zonse zikuthamangira Hammond, limba la magetsi limene Laurens Hammond anayamba kugulitsa ku America mu 1935, makamaka mtundu wa B-3 umene unatuluka chapakati pa zaka za m'ma 1950. Chinthu chimenecho ndi cholemera pafupifupi makilogalamu 190 ukaphatikiza benchi ndi makiyi a kumapazi, osawerengera sipika yake ya Leslie, bokosi lalikulu lokhala ndi lipenga lozungulira mkati. Anthu ankathyoka misana kuchikweza masitepe. Ndiye Nord yakoyo nayonso ndi chithunzi chabe cha chinthu china. Roland chithunzi, Yamaha chithunzi. Zimasiyana kukongola, inde, koma zikadutsa m'masipika a pa ukwati amene twita yake, kasipika ka mawu okwera, inapsa kale, anthu akuponya ndalama pa perekaniperekani, ndani angasiyanitse? Chimene amamva ndi dzanja la woimba.

Ndipo dzanja la ogani silofanana ndi la piyano, apa ndimakuuza kawirikawiri koma sumva. Pa ogani kumenya kiyi mwamphamvu sikukweza mawu. Mawu amakwera ndi phazi. Ngati pali ndalama imene ndingakuloleze kuwononga mwezi uno, gula pedulo yokwezera ndi kutsitsira mawu, uphunzire kupuma ndi phazi monga ndinkachitira pa limba lija. Woimba akatenga vesi, tsika, umusiyire malo. Kolasi ikafika, ponda pang'onopang'ono, kenaka sintha Leslie kuchoka poyenda pang'onopang'ono kupita pothamanga, uone mmene anthu adzukire m'mipando. Koma usaisiye ikuthamanga nyimbo yonse, zimatopetsa makutu. Timitengo tokoka tosinthira mawu a ogani tija tilipo tisanu ndi tinayi, koma Jimmy Smith, amene anatchukitsa B-3 mu jazi, kawirikawiri ankangokoka titatu toyamba mpaka kumapeto, pa 8, tinato n'kutisiya. Anyamata a masiku ano mumakoka tonse, phokoso lokhalokha. Ndipo mukamaimba rege, dzanja lamanzere lizidumphadumpha mopepuka pakati pa kugunda kwa ng'oma, lisalimbane ndi besi. Besi ili ndi mwini wake. Zonsezi ungaphunzire pa chida chimene uli nacho, popanda kusayina pepala la munthu.

Mnzako wa besiyo ndilibe naye chifukwa, anadyapo nsima m'nyumba muno. Koma tsiku lobweza likadzafika, dzina limene lili m'buku la katapila ndi lako. Iye adzakhala ali kwina akuimba. Umufunse ngati angaike gitala yake chikole m'malo mwako, umve yankho lake.

Tsopano melodika. Ukuiona ngati choseweretsa cha ana a sukulu chifukwa ndi yotchipa, ndipo mwina ena a m'bandi amakuseka ukaitulutsa. Asiye aseke. Augustus Pablo wa ku Jamaica anatenga kachida komweko, kamene a Hohner a ku Germany anayamba kupanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kuti ana aziphunzirira nyimbo, n'kukasandutsa mawu amene dziko lonse la rege limawadziwa. Anamwalira mu 1999 koma mpaka pano munthu akamva melodika pa rege amakumbukira iyeyo. Mu Lilongwe oimba kiyibodi ndi ambirimbiri, tchalitchi chilichonse chili ndi wake. Oimba melodika bwino ndi angati? Chimene chimakusiyanitsa ndi anzako ndi chimene ukufuna kugulitsa pa mtengo wa thumba la makala.

Ukukumbukira pa maliro a agogo ako, jenereta itakana kulira? Anyamata a kwaya anangoti kakasi ndi zingwe zawo m'manja. Iwe unatulutsa melodika m'chikwama, n'kuyamba nyimbo ija agogo ankaikonda, amayi onse n'kulandira. Amalume ako mpaka lero amaikamba. Ndinaima kumbuyo kwa nyumba kuti anthu asandione nkhope.

Ngati yakalamba, ndipo ndikudziwa kuti makiyi awiri apamwamba anayamba kusasa mawu, imakonzeka. Mkati mwake muli timalilime tachitsulo, chimodzimodzi limba lopopa lija, kusiyana kwake n'koti mphepo imachokera m'chifuwa mwako. Masula tizomangira takumbuyo pa tebulo loyera, tiike m'mbale kuti tisasowe. Kalilime kakatsika mawu, pala pang'ono kunsonga kwake, kakwera. Kakakwera kwambiri, pala kutsinde, katsika. Pang'ono zedi, ngati ukuchotsa fumbi, kenaka tseka uyese. Ukapala mopitirira sungabwezeretse. Ngati ukuopa, bwera nayo pa Khirisimasi tidzakonzere limodzi pakhonde, manja anga akunjenjemera koma khutu likadalipo.

Chimene chimapha melodika ndi chinyezi. Ukamaliza kuimba, dina kabatani kotulutsira madzi kaja, uuzire osadina kiyi mpaka mame onse atuluke, ndipo usaitsekere m'chikwama nthawi yomweyo. Paipi yake uzitsuka. Usauzire utangodya kumene kapena utamwa zotsekemera, shuga amakamatirira pa timalilime. Za mowa sindinena zambiri, sindinamve kuti umamwa, koma ndikudziwa kuti m'malo ena eni ake amakonda kulipira oimba ndi mabotolo. Ukane. Botolo silibweza ngongole, silikwera minibasi.

Tsiku lina ukadzafuna yatsopano, ndi ndalama zako zosunga, tenga ya makiyi 37 osati 32, chifukwa manotsi asanu owonjezerawo udzawafuna ukamatsatira woimba wamkazi. Yamaha amaitcha yawo Pianica, Suzuki amati Melodion, zonse ndi zolimba. Iliponso ya Hammond ya makiyi 44 yokhala ndi maikolofoni mkati, yongolumikiza chingwe, koma imeneyo ndi ya mtsogolo, osati lero. Pogula, uzira osadina kiyi iliyonse. Ukamva mphepo ikutuluka, ikudontha, isiye. Kenaka yesa kiyi imodzi imodzi, mouzira pang'ono, chifukwa kalilime kodwala kamabisala ukauzira mwamphamvu. Uyerekezenso ndi kiyibodi yako, popeza melodika siichunidwa ndi batani. Ngati zasiyana pang'ono, kiyibodi ndiyo uisunthe kuti itsatire melodika. Pa siteji usaime kutsogolo kwa sipika, maikolofoni idzalira, ndipo usauzire ndi ukali, mawu amatsika ukaikakamiza. Iimbe ngati ukuimba ndi pakamwa, notsi imodzi imodzi, uzipuma pamene woimba angapume.

Ndabwereranso ku ngongole, undikhululukire, koma ndi imene yandikhazika pa mpando uno. Tawerengera wekha. Maukwati amachuluka kukatentha, anthu atakolola ndi kugulitsa. Mvula ikagwa, Januwale ndi Febuluwale, mafoni amakhala chete, iwenso unadandaula chaka chatha mpaka mayi ako anakutumizira ufa. Katapila sadziwa kuti kunja kukugwa mvula. Komanso waona mmene kwacha inagwera mu Novembala 2023, ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Chida chochokera kunja chikawonongeka, chokonzera chake chimagulidwanso ndi ndalama zakunja. Kiyi imodzi ikathyoka m'minibasi, kondakitala atatsamiritsapo thumba la mbatata, udzaipeza kuti? Udzakhala ukubweza ngongole ya chinthu chimene chagona pansi pa bedi.

Ndiponso munthu wa ku Joniyo ukumudziwa bwanji? Ali ndi lisiti? Nambala ya kuseri kwa chidacho waiona? Matchalitchi ambiri abedwa makiyibodi, kuno ndi kunja komwe, ndipo apolisi akabwera amagwira amene chili m'manja mwake. Usapereke ndalama pa chinthu chimene wangochiona pa chithunzi. Chilichonse chimene udzagule, ngakhale chotchipa, werenga kaye zolembedwa pa adaputala. Kwathu kuno magetsi ndi 230 volts. Katundu wina wochokera ku America ndi wa 120, ukangolumikiza utsi fuu, zathera pomwepo. Ndipo jenereta za pa maukwati uziziopa, mphamvu yake imakwera ndi kutsika. Gula kotetezera magetsi kako, uziyenda nako m'chikwama pamodzi ndi zingwe ziwiri zapadera, ndipo uzilumikiza kiyibodi jenereta itayamba kale kulira bwino, osati isanalizidwe. Tinthu timeneti ndi tosaoneka pa chithunzi cha pa Facebook, koma ndi timene timapangitsa kuti anthu akuitanenso.

Ukudziwa kuti sindinakuletsepo kuimba. Anthu ankandinena kuti mphunzitsi wathunthu akulola mwana kukhala wa mabandi, ine ndinkangowayang'ana. Ndimanyada nawe. Ukaimba kutchalitchi kuno ulendo watha uja, ndinamva zinthu zimene ine zaka zonse zija sindinazifikepo. N'chifukwa chake zikundiwawa. Ndikufuna uzikwera pa siteji mtima uli m'malo, osati maso ali kukhomo kuyang'ana ngati munthu wa ngongole walowa. Woimba wamantha amathamangitsa nyimbo, ndinadzionera ndekha miyezi imene ija.

Ngati Nord yakulowa mumtima, sunga. Pa shoo iliyonse patula kenakake usanagule ngakhale chipisi, upatse mlongo wako akusungire, kapena lowa banki m'khonde ya anthu odziwika bwino. Zikatenga zaka ziwiri, zitenge. Mbuzi ziwiri zija ndinati ndi zako zikadalipo, imodzi ili ndi bere. Ukafika pafupi ndi mtengo wake, tidzagulitsa tiwonjezere, ndalankhula kale ndi mayi ako ndipo avomera. Koma kwa katapila usapite. Ngati wapita kale, usandibisire, undiuze sabata ino ndalama zake ndi zingati tisanafike pa mwezi wachiwiri.

Chotsa melodika ija pa Facebook lero. Ngati wina wapereka kale kandalama, mubwezere. Mayi ako akuti ufa ndi nyemba atumiza Lachisanu ndi minibasi ya m'mawa, ukadikire ku depoti, ndipo akuti jekete lija uzivala pobwera usiku.

Ndine,
Bambo ako