Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe pa maphunziro a mawebusayiti

A wapampando ndi mamembala anzanga,

Ndabwerako kumene munandituma. Malisiti a basi ndi a malo ogona ali kwa asungichuma. Alawansi inathera pa Kasungu pobwerera, ndiye za chenji tisafunsane.

Tsiku loyamba linatha ndi malonje komanso zolankhula za akuluakulu. Gawo la kasankhidwe ka mitundu ambiri tinawodzera.

Phindu la ulendowu ndinalipeza tsiku lachiwiri masana. Mukukumbuka ntchito ya kasitomala wathu wa ku Katoto, pamene tinachezera masiku atatu kusintha ma tagi (zizindikiro za m'makodi a webusayiti) a <b> kukhala <strong> pamanja, ma class ena n'kufufutika? Ntchito ijatu ndi ya mphindi ziwiri. Mu Notepad++, pulogalamu yolembera makodi, mumadina Ctrl+H, n'kusankha Regular expression (kufufuza pogwiritsa ntchito zizindikiro). Pofufuzira mumalemba <b(\s[^>]*)?> ndipo posinthira <strong\1>. Kachigawo ka m'mabulaketiko kamatola class, id ndi style zonse, kenako \1 amazibwezera m'tagi yatsopano. Yotsekera, </b>, mumaisintha payokha.

Musachotse \s ameneyo, amene amaimira mpata. Mnyamata amene ndinakhala naye tebulo limodzi anamuiwala, <body> n'kusanduka <strongody>, 
 <br> nayenso osapulumuka. Holo yonse inafa nacho chiseko. Olembera makodi mu pulogalamu ya Vim nawonso ali ndi njira yawo kudzera mu kapulogalamu kowonjezera ka vim-surround: mukalemba cst<strong n'kudina Enter ma attribute (class, id ndi style zija) amatsala, koma mukatseka ndi > amapita onse.

Pomaliza anthu a pa maphunzirowo anagwirizana kuti magulu onse asamukire ku VS Code, pulogalamu inanso yolembera makodi, poti ukayatsa editor.linkedEditing tagi yotsekera imasintha yokha ukamasintha yotsegulira. Ine dzanja sindinakweze. Anzathuwo ali ndi makompyuta atsopano. Laputopu yathu ija ukangotsegula mapulogalamu awiri imayamba kulira ngati chigayo, batire losafika ola limodzi magetsi akathima. Notepad++ ndi yaulere, ndi yopepuka, ndipo ikutikwanira.

Ndatchula laputopu, ndiye ndinene. Ikadali ku Chibavi, kunyumba kwa membala mmodzi, mwezi wachitatu uno. Ine ku Lilongwe ndinachita kubwereka ya mlendo, manyazi ake osaneneka. Nkhani ya ndalama za bando ya intaneti tinaisiyanso m'malere pa msonkhano wathu wapitawo, ndipo amene amanena kuti ulendowu ndi wongokadya alawansi ndi omwewo amene sanasonkhe.

Loweruka 2 koloko ndidzakhala ku ofesi ku Luwinga kuti ndionetse zonsezi. Laputopu idzafike ndi chaja chake.