Za ulendo wanu wa pa bwato ku Algonquin

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Toronto kumeneko pamodzi ndi alamu. Uthenga wanu ndaulandira, woti mukufuna kukagona kutchire usiku uwiri, kuyenda pa bwato, galu wanu ali pomwepo. Ndakondwa kwambiri, ndipo ndikufuna ulendo woyambawu mukaukonde, musakabwereko mutatopa ndi kukangana. Choncho langizo langa lalikulu ndi lakuti muuchepetse. Nyanja imodzi, malo ogona amodzi, basi.

Pitani ku Algonquin Provincial Park, polowera pa Canoe Lake, m'mbali mwa Highway 60 mukadutsa Huntsville. Kuchoka kwanuko ndi maola atatu ndi pang'ono pa galimoto. Bwato mubwereka pagombe pomwepo. Mupalase kulowera kumpoto mpaka pamene madzi athera, pomwe pali kanjira kapansi ka mamita pafupifupi 300 kotulukira ku Joe Lake. Kanjira kotere amakatcha portage, ndipo mukaona chikwangwani chachikasu pamtengo, ndi pamenepo. Chikwangwani cha olenji chimasonyeza malo ogona. Kwa oyamba kumene, ulendo wonse ndi maola awiri kapena atatu. Koma kumbukirani kuti katundu simungamalize ulendo umodzi: mupita ndi zikwama, mubwerere, mudzasenze bwato. Mamita 300 aja asanduka 900. N'chifukwa chake ndikukukanizani njira za ma portage asanu zomwe mwaziona pa mapu.

Malo muyenera kusungitsiratu ku Ontario Parks, bungwe loyang'anira mapaki a m'chigawo cha Ontario, ndipo amatsegula miyezi isanu tsikulo lisanafike, 7 koloko m'mawa. A Loweruka amatha msanga, ndiye ngati ntchito ilola, nyamukani pakati pa sabata. Chimene mumasungitsa ndi nyanja, osati malo enieni omangapo tenti. Amene wafika msanga ndiye amasankha. Za nyengo, pewani kuyambira pakati pa Meyi mpaka kumapeto kwa Juni. Nthawi imeneyo kuli tintchentche takuda toluma kwambiri, timaluma galu kumimba ndi m'makutu mpaka magazi, komanso madzi amakhala akadali ozizira moopsa. Kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Sepitembala ndiye bwino: udzudzu wachepa, madzi afunda.

Tsopano za galu, chifukwa ndi iye angagubuduze bwato. Bwato la kumeneko si lija la mtengo wogoba la kwathu kunyanja. Ndi lopepuka, limapendeka msanga. Galu wa makilogalamu 25 akaona bakha n'kuponda m'mphepete, nonse mutha kupezeka m'madzi. Musakamuyesere koyamba ku Canoe Lake. Sabata zingapo ulendo usanafike, bwerekani bwato pafupi ndi kwanu, mumulowetse lili pamtunda, agonemo, mum'patse kachakudya, kenaka mupalase naye mphindi makumi awiri pamadzi osaya. Pansi pa bwato pamaterera, ndipo galu amene mapazi ake akuterera sakhazikika, choncho yalani kamphasa kalabala pakati, kutsogolo kwa amene wakhala kumbuyo. Muvekeni jekete yoyandamitsa yokhala ndi chogwirira pamsana, kuti akagwera m'madzi mum'kweze. Chinthu chimodzi musachite ngakhale atavuta bwanji: musam'mangirire ku bwato. Likagubuduzika amira nalo.

Pamtunda ndiye mosiyana. Lamulo la paki likuti galu akhale pa chingwe chosapitirira mamita awiri nthawi zonse, ndipo si lamulo lachabe. Kuli nungu, ndipo minga yake ikalowa kukamwa kwa galu, dokotala wa ziweto ali kutali. Kulinso zimbalangondo, galu womasuka amazithamangitsa, zikam'tembenukira amathawira kwa mbuye wake, chilombo chili m'mbuyo. Muwengeni zikhadabo musananyamuke kuopa kuboola pansi pa tenti, mutenge thaulo lakelake, ndipo madzulo aliwonse mum'fufuze nkhupakupa m'makutu ndi m'khwapa. Mukaona madzi obiriwira ngati athiridwa penti, asamwe ndipo asasambe. Ndere zoterozo zimapha agalu.

Pa bwato, pemphani lopepuka la Kevlar (ulusi wolimba wopangira mabwato opepuka) lotalika mafiti 16, lomwe limalemera makilogalamu pafupifupi 20. Ndi lokwererapo mtengo, koma phewa lanu lidzathokoza pa portage. Lamulo la Canada limafuna jekete yoyandamitsa ya munthu aliyense, wenzulo, chotungira madzi ndi chingwe choyandama cha mamita 15. Obwereketsa amapereka zimenezi, inu muonetsetse kuti zilimo, mutengenso tochi ndi nkhafi yapadera. Jekete muvale, musakhalire. Wolemera kapena wodziwako kupalasa akhale kumbuyo, chifukwa ndiye amawongola. Katundu wolemera akhale pansi, pakati. Ndipo alamu ayeserekonso kuwongola tsiku lachiwiri madzi ali bata, kuti wina akavulala winayo athe kubweza bwato.

Mphepo muilemekeze monga asodzi amalemekezera mwera. Kawirikawiri imadzuka masana, choncho khalani pamadzi pofika 8 koloko m'mawa, ndipo muzitsata gombe m'malo modula pakati. Mukaona mafunde akuchita thovu, kapena mukamva bingu, kochezani pagombe n'kudikira. Kuchedwa tsiku limodzi si vuto ngati munatenga chakudya chapadera.

Chakudya: zitini ndi mabotolo agalasi n'zoletsedwa mkati mwa tchire la Algonquin, ndiye thirani zonse m'mapulasitiki. Ufa woyera wa chimanga ndi soya n'zopepuka, nsima iphikika bwinobwino pa kambaula ka gasi, ndipo kambaulako n'kofunika chifukwa kukauma amaletsa kusonkha moto. Usipa wouma ndikudziwa mukuufuna, koma fungo lake limafika kutali, siyani kunyumba. Usiku chilichonse chonunkhira, chakudya cha galu, mbale yake, mankhwala otsukira mano, zinyalala, chilowe m'chikwama chimodzi, muchipachike pa nthambi mamita anayi kuchoka pansi ndi mamita awiri kuchoka pa thunthu, kutali ndi tenti. Nthambi yoyenera muifune dzuwa lisanalowe. Mumdima n'zovuta kuponya chingwe. Madzi akunyanja muziwasefa kapena kuwawiritsa mphindi imodzi, chifukwa muli tizilombo totsegula m'mimba ngakhale akuoneka oyera.

Zovala za thonje zikanyowa siziuma ndipo zimazizira, choncho tengani za ubweya kapena nayiloni, ndi malaya amvula. Zogonera ndi zovala zausiku zikhale m'thumba losalowa madzi. Netiweki ya foni musaidalire. Tengani mapu apepala, ndipo musiyire munthu mmodzi dzina la nyanja, tsiku lotuluka ndi nambala ya galimoto.

Mundiuze kulemera kwa galuyo komanso ngati amadziwa kusambira, ndikuuzeni ngati mafiti 16 akwanira kapena mufunika 17. Mukasankha masiku munditumizire ndisanthule mndandanda wa katundu wanu. Moni kwa alamu.

Ndine mnzanu.