Zilembo zonenepa zisamalembe chikwangwani chonse

Akonzi,

Tiloleni tilankhulepo za zikwangwani zomwe zadzaza mumsewu wa M2, kuchokera ku Bvumbwe kudzera pa Thyolo ndi Luchenza mpaka ku Limbuli. Eni mashopu ambiri atengeka ndi zilembo zonenepa zokhala ndi timapazi kunsonga, zija amati serif. Zilembozo n'zabwino ndithu, koma ambiri akuzipatsa ntchito yomwe sizinapangidwire.

Zilembozi zinayambira ku London kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo ankazipangira zikwangwani zotsatsa malonda, osati mabuku. Mwa mitundu ya zilembozi, Clarendon inatuluka mu 1845, Cooper Black mu 1922, Rockwell mu 1934. Ntchito yake n'kukopa diso ndi mawu awiri kapena atatu, monga dzina la shopu. Mukalemba nazo mitengo, nambala ya foni ndi mndandanda wa katundu, palibe chimaoneka. Mizere ing'onoing'onoyo ilembedwe ndi zilembo zowonda zopanda timapazi.

Pa kukula, muyezo womwe timatsata ndi masentimita 2.5 a kutalika kwa chilembo pa mamita atatu aliwonse. Ngati shopu ili mamita 30 kuchokera pamsewu, chilembo chisachepere masentimita 25, ndipo wokwera minibasi amafuna chokulirapo chifukwa amangoponya diso kamodzi.

Chichewa chili ndi mavuto akeake pano. Mawu athu ndi aatali ndipo adzaza ndi m ndi w, zilembo zotambalala kuposa zonse. Malo akachepa, wapakompyuta amangopanikiza mawu kuti akwane. Mizere yoimirira imawonda pomwe yopingasa yatsala yonenepa, timapazi ta m, n ndi h timagundana, ndiye "nkh" kapena "mph" amangosanduka chibanthu chakuda. Chepetsani mawu, kapena muwadule pamizere iwiri. M'zilembo zazikulu, LA ndi KWA zimasiya mpata wosiyana, choncho mipata iyezedwe ndi diso, osati ndi rula. Musanalipire, uzani wosindikiza akuonetseni ŵ ndi kachizindikiro ka mu ng'. Mitundu ina ya zilembo ilibe ŵ, ndipo kompyuta imabwereka chilembo cha mtundu wina kapena kuika kabokosi.

Kunonso kuli chiperoni. Mitundu ina yonenepa imakhala ndi timizere topyapyala ngati ulusi pakati pa mizere yaikulu. Nkhungu ikatsika timizereto timasowa, H n'kumaoneka ngati mizere iwiri yoima payokha. Sankhani mtundu womwe timapazi take n'tonenepa pafupifupi ngati thupi la chilembo, monga Rockwell. Timabowo ta a ndi e tikhalenso totseguka, chifukwa bulashi ikadutsa kachiwiri penti imatidya. Zoyera pakuda zimaoneka zotupa, ndiye muzitalikitseko pang'ono. Zofiira pa zobiriwira ayi, makamaka kumene kumbuyo kuli minda ya tiyi.

Pa lata, chotsani dzimbiri ndi sandipepala, pakani red oxide (penti yoteteza ku dzimbiri), kenako andakoti (penti yapansi), ndipo chilichonse chiume tsiku lathunthu musanapake penti ya mafuta. Mukapaka pachinyontho penti imatukusira n'kuyamba kusupuka. Ngati ndi stika yodula pamakina, imayambira kumatuka kunsonga zosongoka za timapazi, n'chifukwa chake Cooper Black, yomwe nsonga zake n'zobulungira, imapirira mvula ya kuno kuposa inzake.

Ndife,
Olemba zikwangwani,
Chitakale, Mulanje.