Mwana akudziwa chaka, koma sakudziwa chifukwa

A Mkonzi,

Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala ku Matawale kuno ku Zomba ndi mdzukulu wanga wamkazi amene akulemba mayeso a MSCE chaka chino. Ndiloleni ndifotokoze zimene zandisowetsa tulo.

Sabata yatha magetsi atathima tinakhala pakhonde, ndipo ndinamufunsa za John Chilembwe. Anayankha ngati akuimba nyimbo: Januwale 1915, ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, ku Magomero kumene anthu ake anapha mzungu wa pa esiteti, William Jervis Livingstone. Zonse zoona. Ndiye ndinati, "Nanga mbusa, munthu wa Baibulo, amene anakaphunzira ku America n'kubwerako mu 1900, zinatani kuti afike potenga mikondo?" Mwana anangoti, "Agogo, zimenezo pa manotsi palibe."

Manotsi akewo ndi zithunzi za mapepala zimene amatumizirana pa WhatsApp, mafunso a mayeso akale ndi mayankho ake pansi. Za thangata, loti anthu ankagwira ntchito m'munda mwa mzungu kulipira malo okhala, anangomva dzina. Zoti matchalitchi a Chilembwe ankawotchedwa pa esiteti paja sankazidziwa. Sankadziwanso kuti mu Novembala 1914, Amalawi atafa pankhondo ya azungu ku Karonga, Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula za magazi a anthu osauka. Munthuyo anayamba walemba kalata, monga ndikuchitira ine lero, mikondo inabwera pambuyo. Mwana amene sanawerenge nkhani yonseyi mwandondomeko sangaone mmene chinthu chimodzi chinabalira chinzake, ndipo kuona kumeneko ndiko kuganiza.

Foni sindikuida ayi. Ana ambiri alibe buku ndi limodzi lomwe, ndipo popanda foniyo bwenzi akulowa m'mayeso chimanjamanja. Koma ndamuyang'anitsitsa mdzukulu wangayu akamawerenga. Asanamalize ndime, uthenga walowa. Akabwerera, waiwala pamene analekezera. Bandulo ikatha, kuwerenga kwathanso. Buku silitero. Limakudikira, ndipo ukakumana ndi mawu ovuta umabwerera m'mbuyo masamba awiri osasokonezedwa ndi munthu.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti tili ku Zomba. Yunivesite yakhala ku Chirunga kuyambira 1973. Zikalata zakale za dziko lino zimasungidwa ku National Archives mumzinda womwe uno. Ngakhale MANEB, imene imakonza mayeso amene ana athu akuwaopa chotere, ili konkuno. Mabuku alipo, koma mtsikana wa ku Chinamwali, ku Sadzi kapena ku Mpondabwino akaweruka kusukulu amapeza madzi oti atunge ndi nsima yoti aphike. Ndalama ya kabaza yopitira m'tauni kukangowerenga basi, kholo silingamupatse. Chimene akusowa ndi malo apafupi, mpando, kuwala ndi bata la maola awiri.

William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha fizi, anapeza buku m'kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale ya kwawo, n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi. Sinali nyumba yosanja imene inamuthandiza. Kanali kachipinda kamene akanatha kufikako wapansi.

Choncho ndikupempha atsogoleri a mipingo ndi mizikiti ya m'madera mwathu muno. Maholo anu amakhala otseka pafupifupi sabata yonse. Tsegulani chipinda chimodzi masana, Lolemba mpaka Lachisanu. Aphunzitsi anzanga opuma, ndikudziwa kuti muli ndi makatoni a mabuku pansi pa bedi amene chiswe chikudya. Atulutseni, ndipo tizisinthana masiku okhala ndi anawo, chifukwa mwana amafuna wina womufunsa kuti "chifukwa chiyani?" akatseka buku.

Ine ndayamba kale pang'ono. Mabuku anga okwana 60 ndawaika pa shelefu pakhonde, ndipo Loweruka lililonse 2 koloko masana kumabwera atsikana anayi. Mafoni amawasiya m'lichero pakhomo. Mvula ikayamba khonde langali lidzachepa, ndiye ngati pali mpingo ku Matawale umene ungatibwereke chipinda, tidzanyamula mabukuwo tokha.

Mphunzitsi wopuma,
Matawale, Zomba