Kwa makasitomala athu: tasiya kugulitsa timitengo todula ta Acalypha

Okondedwa makasitomala athu,

Landirani moni kuchokera ku nazale yathu kuno ku Luwinga, mumzinda wa Mzuzu. Nkhani ndi ya chitsamba chija cha masamba ofiirira ngati kopa, chimene ambiri mumabzala ngati mpanda wa pakhomo. Ena mumati copperleaf, ena Acalypha, koma ambiri mukafika mumangoloza n'kunena kuti "ofiira awo."

Kuyambira mwezi wa Meyi uno, sitigulitsanso timitengo todula ta m'mitolo. Tizigulitsa mbande za m'machubu zokhazokha, zomera kale mizu, ndipo zizipezeka kuyambira Okutobala mpaka Malichi.

Chatichititsa ndi zimene tinaona nyengo yozizira yapitayi. Mayi wina wa ku Chibavi anabwera ndi timitengo take m'jumbo, tonse takuda kumunsi, khungwa likusupuka ndi chala chokha. Tinawapatsa mtolo wina, nawonso unaola. Iwo ankadziimba mlandu kuti mwina dzanja lawo ndi loipa pa maluwa. Ayi ndithu, olakwa tinali ife, chifukwa tinawagulitsa timitengo m'mwezi wa Juni tikudziwa bwino mmene Mzuzu amakhalira nthawi imeneyo. Ndipo si iwo okha amene anabwerera.

Chitsambachi kwawo ndi ku Fiji ndi zilumba zoyandikana nazo m'nyanja ya Pacific, kumene kumatentha chaka chonse. Dzina lake lonse ndi Acalypha wilkesiana, potengera Charles Wilkes, mkulu wa sitima zapamadzi wa ku America amene anatsogolera ulendo wofufuza nyanja ya Pacific ndi madera ena kuyambira 1838 mpaka 1842. Ndiye taganizani mlendo wochokera kotentha chotere mukumuzika m'dothi la kuno, mamita opitirira 1,200 pamwamba pa nyanja, nkhungu ili tolo m'mawa, kamvula kakuwaza tsiku lonse. Kamtengo kopanda mizu sikamwa madzi amenewo. Kamangokhala m'chinyontho chozizira mpaka kuola.

Tikudziwa kuti abale athu a ku Nkhata Bay atiseka. Kumeneko mumangothyola nthambi n'kuzika ngati chinangwa, basi yagwira. Zoonadi n'zapachibale: Acalypha ali m'banja limodzi ndi chinangwa, nsatsi, ngakhalenso mitengo ya rabala ya ku Vizara, kungoti iye ukamuthyola satulutsa utomoni woyera. Koma kunyanja n'kotentha. Kuno kumtunda nkhani ndi ina.

Mtengo wa chubu chimodzi ukhala wokwererapo poyerekeza ndi kamtengo ka mumtolo, sitikubisirani. Mbande timaisamalira milungu ingapo pansi pa shedi, kuthirira ndi kuchotsa zofooka, mpaka mizu itadzaza chubu. Komabe tikaona ndalama imene ena munataya pogula mitolo kawiri katatu, ife tikuti izi zikupepukirani. Amene munalipira kale mitolo ya chaka chino, sankhani: tikubwezereni ndalama yanu yonse, kapena mudikire Okutobala mudzatenge machubu popanda kuwonjezera kanthu. Ofuna mbande zambiri za mpanda wonse, monga masukulu, matchalitchi ndi malo ogona alendo, mutiuze pofika Ogasiti kuti tikudulireni padera. Mukabweza machubu osang'ambika, tizikuchotserani pang'ono pa oda yotsatira.

Popeza talemba kale, tiyankhiretu funso limene timalandira pafupifupi sabata iliyonse, lakuti bwanji masamba asanduka obiriwira. Sitinakupatseni mtundu wina ayi. Ndi mthunzi. Mukabzala kuseri kwa nyumba kapena pansi pa mtengo wa mapeyala, kufiira kuja kumazilala. Chitsambachi chimafuna dzuwa, ndipo mukachilekerera chimatha kufika mamita atatu, kumunsi kuli mbee, nkhuku zikungodutsa. Muzichidula nsonga chikadali chaching'ono kuti chichite nthambi zambiri, koma osadula mu Juni kapena Julayi. Muziyang'ananso kunsi kwa masamba ndi m'mphanda za nthambi. Mukaona tizilombo toyera ngati thonje, tofanana ndi kodikodi wa pa chinangwa, dulani nthambiyo mukaitaye kutali, zotsalazo mutsuke ndi madzi a sopo.

Maluwa ena onse, kapinga ndi mbande za zipatso tikugulitsa monga mwa nthawi zonse. Za kubweza ndalama, bwerani ndi lisiti lanu tsiku lililonse kupatula Lamulungu.

Ndife anu,
Eni nazale ndi antchito onse