Zokambirana za pambuyo pa filimu zizichitika m'zinenero zathu

Akonzi,

Loweruka lapitali ndinali m'gulu la anthu amene tinasonkhana mu holo ya sukulu ina kuno ku Mangochi kudzaonera filimu ya a Shemu Joyah yotchedwa The Last Fishing Boat, yomwe inatuluka mu 2012. Filimuyi imakamba za msodzi wa m'nyanja ya Malawi amene moyo wake wasokonekera chifukwa nsomba zikusowa, pamene alendo odzaona malo abwera ndi ndalama komanso makhalidwe awo. Itatha, mphunzitsi wina wa filosofi, maphunziro a kuganiza mozama za moyo, anatsogolera zokambirana, ndipo funso lake loyamba silikuchoka m'mutu mwanga: kodi ife amene tili moyo lero tili ndi ngongole yanji kwa ana amene sanabadwe?

Ndikuthokoza amene anakonza mwambowu, chifukwa m'nyumba zoonetsera vidiyo za m'misika yathu achinyamata amaonera mafilimu tsiku lonse popanda wowafunsa zimene aphunzirapo. Chimene chandiwawa n'chakuti zokambirana zonse zinachitika m'Chingerezi. Mayina a Aristotle ndi Kant, akatswiri akale a filosofi a ku Ulaya, anamveka kangapo, ophunzira ankalemba m'makope, koma asodzi amene anakhala kumbuyo sanatsegule pakamwa, ngakhale kuti nkhaniyo inali ya moyo wawo weniweni.

Potuluka ndinayenda ndi bambo wina wachikulire amene wakhala akusodza m'nyanja ya Malombe kuyambira ali mnyamata. Anandiuza kuti kale chambo chinkadzaza bwato, pamene lero amabwerako ndi kambuzi wochepa. Kenaka anandifunsa ngati ali wolakwa munthu amene amakokera nsomba ndi neti yoteteza udzudzu ana ake atagona ndi njala, akudziwa bwino lomwe kuti akupha mbewu ya nsomba za mawa. Ndinasowa chomuyankha. Funso limenelo ndi lolemera kuposa ambiri amene anafunsidwa mu holo muja, ndipo likukhudza umunthu umene makolo athu ankatiphunzitsa, woti munthu asamadye ngati alipo yekha.

Ndikupempha kuti mwambo wotere ukadzachitikanso, otsogolera adzayankhule Chichewa ndi Chiyao, ndipo mafumu, mashehe, abusa ndi makomiti a m'madoko adzaitanidwe. Filimuyi ikaonetsedwenso kumene kuli asodzi, monga ku Makawa, ku Malindi ndi ku Monkey Bay, makamaka m'miyezi imene usodzi umatsekedwa, pamene ambiri a iwo amakhala pamtunda akusoka maukonde.

Ine wowerenga wanu,
Mpondasi, Mangochi